NDANI AMENE AGWETSA DZINO LOSAOLA?

Pali cinthu cimene cimazunguza anthu ambiri m'makomboni ndi m'matauni. Mwamuna wa zaka 40 kapena 50, wamphamvu zace, wosadwaladwala, aona kuti dzino lace lakutsogolo layamba kugwedera. Silipweteka kwenikweni. Papita miyezi, ndipo tsiku lina, ali mkati motafuna nzimbe kapena cimanga cokazinga, dzino lija licoka lokha. Aliika pacikhatho, alitembenuza uku ndi uku, napeza kuti liri lamphumphu, lopanda bowo, losaola, muzu wace wautali ndi wathunthu. Pamenepo mtima uyamba kufunsa. Ena ati ndi ukalamba, cinkana munthuyo sanakalambe. Ena ati pali wakaduka kunchito kapena kumudzi, ndipo cibale cimatha cifukwa ca dzino. Mai wina aleka kuseka pa anthu, naphimba pakamwa ndi nsaru polankhula, cifukwa ca fungo limene mcere ndi madzi sizingathe kulicotsa.

Nthenda imeneyi ndiyo ciseyeye cimene cakula. Bungwe la World Health Organization linanena m'caka ca 2022 kuti pa dziko lonse anthu oposa biliyoni imodzi ali naco, ndiko kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuru asanu ali onse. Nkhani ya lero ifotokoza amene amakumba dzino lotere. Yankho lace ndi lodabwitsa ndithu, pakuti tizirombo tingoyambitsa mlandu, koma nchito yaikuru yogumula imacitidwa ndi asilikari a thupi la mwini dzino.

Poyamba payenera kumveka maimidwe a dzino. Dzino silinakhomeredwe m'nsagwada monga msomali m'thabwa ai. Muzu wace uli m'dzenje la fupa, ndipo pakati pa muzu ndi fupa pali timaulusi tolimba tosawerengeka timene tiligwira mbali zonse. Pamwamba pali nkhama, zimene zakulunga khosi la dzino, ndi kusiya kangalande kozungulira ka mamilimita 1 kufikira 3. Amuna a pansi pa mgodi adziwa kuti mtengo wocirikiza denga, ungakhale wa muwanga wosafumbwa, uli cabe ngati pansi pamene waima pakugumuka. Ndi mmenenso ziliri ndi dzino. Ndipo pali cinanso. Thupi lonse lakutidwa ndi khungu, ngakhale m'kamwa momwe, koma dzino ndi cinthu colimba cimene caboola khungulo ndi kuturukira kunja. Pamene caboolapo ndi cipata cimene sicitsekeka moyo wonse wa munthu. Khungu limafundula tsiku ndi tsiku, nilitaya tizirombo tokakamira pa ilo, koma dzino silifundula, ndipo cokakamirapo cikhala pomwepo kufikira cina citacipala.

Cokakamiraco ndi ndere yoyera yoterera, yonga ija imera pa miyala ya kumtsinje, imene munthu aipala ndi cikhadabo m'mbali mwa nkhama. Woyamba kuona za m'kati mwace anali Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsaru wa mu mzinda wa Delft ku Holland, amene anali kudzisulira yekha magalasi okuza zinthu. M'caka ca 1683 analembera akatswiri a Royal Society ku London kuti anapala ndereyo pa mano ace ndi a nkhalamba zimene sizinatsukepo m'kamwa, napezamo tamoyo tambirimbiri tikuyenda. Anaonanso kuti vinyo wosasa anapha ta pamwamba tokha, koma ta m'kati tinatsala tamoyo. Tizirombo timeneti ndi mabakiteriya, ndipo lero mitundu yoposa 700 yadziwika kuti ikhala m'kamwa mwa anthu. Yambiri ndi yofatsa, ndipo ina imathandiza poletsa alendo oipa kupeza malo.

Tsono ndani alonda cipata cija? M'magazi muli tinthu tamoyo tochedwa maselo. Ofiira anyamula mpweya, oyera ndiwo asilikari. Nchito ya oyerawo inaululidwa ndi Élie Metchnikoff, wa ku Russia, m'caka ca 1882 ali ku Messina pa cisumbu ca Sicily. Iye anabaya ndi minga tiana ta kanyama ka m'nyanja yamcere kooneka ngati nyenyezi, timene thupi lace lionekera m'kati ngati madzi, ndipo m'mawa mwace anapeza maselo oyendayenda ataunjikana pa mungapo. Anazindikira kuti thupi liri ndi maselo othamangira pamene palowa mlendo ndi kumudya. Analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1908.

Asilikari oyera ali magulu angapo, koma gulu lalikuru, loposa theka la onse, ndi la ochedwa neutrophil. M'nkhani ino achedwa alonda. Amabadwira m'mafuta a m'mafupa, okwana mabiliyoni 100 tsiku liri lonse, ndipo moyo wao ndi wa masiku owerengeka. Ngakhale m'kamwa mwa munthu wa nkhama zabwino, alonda amaturuka m'mitsempha ya magazi usana ndi usiku, napyola khungu lopyapyala la pansi pa kangalande kaja, naima ngati linga pakati pa ndere ndi mnofu. Zikwi zambiri za iwo zimagwera m'malobvu mphindi iri yonse, munthu osadziwa kanthu. Mlonda ameza kacirombo, nakathira mankhwala aukali onga aja oyeretsera nsaru, nakasungunula ndi madzi ena odula mnofu. M'caka ca 2004 akatswiri a ku Berlin anapeza kuti mlonda athanso kuponya ulusi wa m'kati mwa thupi lace monga khoka, kuti akole tizirombo, iye mwini nafera pomwepo. Mafinya amene aturuka munthu akafinya nkhama yodwala, mbali yaikuru ndi mitembo ya alonda amenewa.

Ndere ikacepa, alonda akwanira, ndipo pali mtendere. Cimene cicitika ikacuruka cinaonetsedwa poyera m'caka ca 1965 ndi Harald Löe ndi anzace ku Aarhus m'dziko la Denmark. Anatenga anthu 12 a nkhama zabwino, ambiri a iwo ophunzira za mano, nawapempha kuti aleke kutsuka m'kamwa. Pakati pa masiku 10 ndi 21 onse anali ndi nkhama zofiira ndi zotupa. Atayambanso kutsuka, nkhama zinacira patapita ngati mlungu umodzi. Ici ndi ciseyeye coyamba, cimene sicinakhudze fupa, ndipo cimatha psiti. M'caka ca 1976 Roy Page wa ku Seattle ndi Hubert Schroeder wa ku Zurich analongosola mmene magulu a asilikari amafikira motsatana. Masiku oyamba mitsempha itakasuka ndi kucucha, ndipo alonda acuruka. Pakutha mlungu afika maselo ochedwa T, amene ali ngati akapitao olamula nchito, pamodzi ndi ma-macrophage, dzina lotanthauza wakudya wamkuru, amene ameza tizirombo ndi kusesa mitembo. Pakutha milungu iwiri kapena itatu nkhama zadzala ndi maselo a mtundu wa B, osula zida zolasira kacirombo kali konse monga mwa mtundu wace. Mwa anthu ena zinthu zingakhale comweco zaka zambiri osapitirira.

Koma mwa ena linga ligwa, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Nkhama zikatupa, kangalande kaja kazama nikasanduka thumba. Ndere ya pamwamba iuma ndi mcere wa m'malobvu nikhala ngati mwala, ndipo pa mwalapo pamera ndere ina yotsikira ku muzu. Pansi pa thumba palibe mpweya, motero pamacuruka mitundu ya tizirombo yodana ndi mpweya. M'caka ca 1998 Sigmund Socransky wa ku Boston, atapima ndere yocokera m'matumba zikwi zambiri, anapeza kuti mitundu itatu imakonda kupezeka pamodzi m'matumba ozama ndi okha magazi. Wochuka mwa itatuyo ndi Porphyromonas gingivalis. Kacirombo kameneka sikadya shuga monga anzace oboola mano. Cakudya cace ndi mnofu wosungunuka ndi citsulo ca m'magazi, ndipo akakabzala pa mbale ya magazi m'nyumba yopimira, kamera timadontho takuda bii.

Omvera aone bwino msampha umene uli apa. Kutupa ndiyo njira imene thupi litumizira asilikari, koma kutupa komweko kumabweretsa magazi ndi madzi a mnofu m'thumba, ndico cakudya ceniceni ca mdani. Thupi likalimbika kumenya, mdani anenepa. Ndiponso kacirombo aka ndi kocenjera. Kali ndi mipeni yace yodulira zida za maselo a B ndi mauthenga amene asilikari atumizirana. Kamasokoneza alonda kotero kuti aleka kupha bwino, koma osaleka kuitana anzao. M'caka ca 2011 George Hajishengallis ndi anzace anaonetsa zimenezi pa mbewa za m'nyumba yopimira. Ataika kacirombo aka m'kamwa mwa mbewa wamba, kanakhala kocepa zedi pakati pa tizirombo tonse, komabe tizirombo tinzace tinacuruka ndipo fupa linayamba kutha. Atakaika m'mbewa zoleredwa mopanda kacirombo kena kali konse, fupa silinathe. Kokha sikangathe kanthu. Nchito yace ndi ya kazitape woledzeretsa alonda kuti khamu lonse lilowe m'mudzi.

Alonda tsono afika unyinji wosaneneka, napeza mdani amene sangamezeke, pakuti ndere ndi mudzi wa tizirombo womangidwa ndi phula lace, waukuru kopambana mlonda, ndipo wamatirira pa muzu. Polephera kumeza, akhuthulira mankhwala ao panja. Mankhwalawo sasankha: madzi aja odula mnofu adula timaulusi togwira dzino. Anyamata osaka mbewa amayatsa chire kuti aone mauna, ndipo nthawi zina moto uwapulumuka nukanyeketsa nkhokwe za kwao, mbewa ziri phee pansi pa nthaka. Kusiyana kwace ndi kwakuti moto wa m'nkhama unyeka pang'onopang'ono kwa zaka khumi kapena makumi awiri, wopanda ululu woti munthu athamangire kucipatala.

Kutha kwa fupa kuli ndi njira yaceyace. Fupa si mwala wakufa. M'menemo muli maselo ogumula ndi maselo omanga, ogwira nchito mosinthana moyo wonse, ndipo mwa munthu wabwino cogumulidwa cilingana ndi comangidwa. M'zaka za 1997 ndi 1998 akatswiri anapeza uthenga umene umadzutsa ogumulawo, nauchula RANKL. M'nkhama zodwala uthengawu ucuruka, ndipo ena mwa outumiza ndi maselo a T ndi a B omwe aja anadza kudzathandiza. Palinso mfuu ina yochedwa IL-17, imene gulu lina la akapitao a T limakuwa poitana alonda ena. Mfuuyi ikapitirira iutsanso ogumula. Motero fupa libwerera m'mbuyo kutsogolo kwa ndere. Kacirombo sikaluma fupa ndi kamodzi komwe. Thupi ndilo liphwasula khoma lace. Wina angati thupi ndi lopusa, koma mwina si kupusa konse. Tizirombo tikanalowa m'fupa la nsagwada ndi m'magazi, munthu akanafa. Dzino likagwa, cipata cija citsekeka, nkhama zipola, ndipo pamalopo nthenda itha. Thupi lisankha kutaya dzino kuti lisunge mwini wace. Mtengo wace ndi wowawa, makamaka pamene dzanja ndi mswachi zikanaletsa mlandu usanakule.

Kodi bwanji ena satsuka m'kamwa nakalamba ndi mano ao onse? Funso ili linayankhidwa m'minda ya tiyi ku Sri Lanka. Kuyambira m'caka ca 1970 Löe yemwe uja ndi anzace anapima amuna 480 ogwira nchito m'mindamo, amene sanali kugwiritsa nchito burashi ndipo sanaonepo dotolo wa mano, nawatsata zaka 15. Pafupifupi onse anali ndi ndere, mwala wa m'mano ndi nkhama zotupa. Koma zotsatira, zofalitsidwa m'caka ca 1986, zinaonetsa kuti mwa 100 ali onse, 11 fupa lao silinathe, 81 linatha pang'onopang'ono, ndipo 8 linatha msangamsanga. A gulu lotsirizali anali atataya mano ngati 12 pofika zaka 35, mano 20 pofika zaka 40, ndipo pa zaka 45 anali opanda dzino. Cakudya cimodzi, nchito imodzi, litsiro limodzi, koma mayankhidwe a thupi osiyana. Mbali ina ya kusiyanaku munthu amabadwa nayo, ndipo ndico cifukwa cace ciseyeye coopsa cimayenda m'mabanja ena.

Munthu angaganize kuti popeza alonda ndiwo aononga, kukanakhala bwino atacepa. Iai. Pali ana owerengeka pa dziko amene amabadwa ndi cilema cakuti alonda ao satha kuturuka m'mitsempha ya magazi. Anawa amataya mano akali ang'ono, a ubwana ndi acikuru omwe. Kwa nthawi yaitali madotolo anayesa kuti tizirombo tingolowa m'mnofu popanda wotiletsa. M'caka ca 2014 Niki Moutsopoulos ndi anzace a ku National Institutes of Health ku America anapeza kuti cogumula fupa ndi mfuu ija ya IL-17. Mwa munthu wabwino, alonda akafika, nagwira nchito, nafa, ma-macrophage amadya mitembo yao, ndipo kudyako ndiko kuwauza kuti thandizo linafika, kuitana kuleke. Mwa ana awa palibe mlonda wofika, tsono belu la ngozi lilira kosaleka kufikira ogumula atatha fupa. M'caka ca 2017 madotolo omwewo anafalitsa za mnyamata wa zaka 19 amene anam'patsa mankhwala otontholetsa mfuuyo, ndipo kutupa kwa m'kamwa mwace kunaphwa. Alonda akacepa ndi tsoka, akapsa mtima kopitirira ndi tsokanso.

Mu Africa muno muli citsanzo cina. Kacirombo kochedwa Aggregatibacter actinomycetemcomitans kali ndi ululu wopha alonda mwacindunji, ndipo mtundu wace wina, wochedwa JP2, umene upezeka makamaka mwa anthu a kumpoto ndi kumadzulo kwa Africa, uli ndi ululu wocuruka kopambana. Dorte Haubek ndi anzace anatsata ana a sukulu a ku Rabat m'dziko la Morocco zaka ziwiri, nafalitsa m'caka ca 2008 kuti ana okhala ndi JP2 anali pa ngozi yoyamba nthendayi nthawi 18 kuposa opanda kaciromboko. Ku Ghana kunapezekanso zofanana. Mwa acinyamata otere nthenda imagwira mano akutsogolo ndi acibwano oyamba, pamene m'kamwa muoneka moyera. Mnyamata kapena mtsikana wa zaka 15 amene mano ace ayamba kutalikirana ayenera kupimidwa msanga.

Zina zosokoneza asilikari munthu azidziwa kale. Fodya afoola alonda, ndiponso afinya timitsempha ta m'nkhama kotero kuti sizikha magazi. Wosuta ayesa kuti ali bwino pamene thumba lirikuzama. Matenda a shuga osasamalidwa acurukitsa ngozi kawiri kapena katatu, ndipo ciseyeye naco cimabvuta shuga kutsika, kotero kuti kuciza nkhama kumathandiza wodwala shuga. Kacirombo ka HIV kamapha akapitao a T, ndipo munthu wosamwa mankhwala ace angadwale ciseyeye cina ca zironda, cowawa, cimene cidya nkhama m'milungu yowerengeka. Dzina lomweli la ciseyeye limachulidwanso pa nthenda ina, ya kusowa vitamini C wa m'zipatso ndi ndiwo zamasamba, imene inasautsa anchito ambiri m'makomboni a migodi ya ku Southern Rhodesia kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, pamene phoso linali ufa ndi zina pang'ono. Imeneyo imacira ndi cakudya. Ya m'nkhani ino malalanje okha sangaicize.

Nanga cithandizo nciani? Popeza asilikari sangacotse ndere pa muzu, ndipo saleka kumenya iyo iripo, mankhwala eni eni ndiwo kuicotsa ndi dzanja. Mswachi kapena burashi, kawiri pa tsiku, ziyenera kupita pamene dzino likomana ndi nkhama, ndipo mipata ya pakati pa mano isaiwalike. Magazi akaturuka potsuka, ambiri amaleka kutsuka pamalopo poopa kudzipweteka, ndipo ndiko kulakwa, pakuti magaziwo ndi cizindikiro cakuti ndere iripo. Koma thumba likazama, mswachi sufika pansi pace. Pamenepo afunika dotolo wa mano, amene alowetsa kacitsulo kokhala ndi mizere m'mbali mwa dzino liri lonse ndi kuwerenga: mamilimita 4 kapena 5 ndiye kuti thumba layamba, 6 kapena kuposa ndiye kuti nthenda yakula. Kenaka apala mwala ndi ndere pa muzu pansi pa nkhama. Makapisozi ogula pamsika aziziritsa kutupa masiku owerengeka, koma akomana ndi cimene vinyo wosasa wa Leeuwenhoek anakomana naco: apha ta pamwamba, ta m'kati titsala. Dotolo amawapereka kwa ena okha, makamaka acinyamata a nthenda yofulumira, ndipo amatero pamodzi ndi kupala.

Wopalidwa mano adziwiretu cimodzi, kuti angakwiyire dotolo pacabe. Kutupa kukaphwa nkhama zimafota, mano aoneka atali, mipata ioneka pakati pao, ndipo madzi ozizira alasa kwa milungu ingapo. Si kuti dotolo wadula kanthu ai. Kungoonekera kwa fupa limene linatha kale, limene nkhama zotupa zinali kubisa. Fupa lotayikalo kawirikawiri silibwerera, koma lotsalalo lileka kugumuka, ndipo dzino limene latsala ndi theka la fupa lace lingatafune nsima ndi nyama zaka zambiri. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu wodwala abwerera kucipatala, kacitsulo kaja kalowanso m'mbali mwa dzino liri lonse, ndipo pamene panali 6 ndi magazi, dotolo ayembekeza kuwerenga 4 popanda magazi.